Diso la mbatatesi ndi fupa la mwana

M'nyumba mwa azakhali anga ku Tsangano muli kachipinda kamene simugona munthu. Mumagona mbatatesi yambewu. Amaiyala pa thandala la nsungwi, pamalo pamene kuwala kumalowa pang'ono koma dzuwa silifika, ndipo imakhala pamenepo miyezi iwiri kapena itatu ngati yaiwalika. Khungu limachita makwinya. Ukaigwira imamveka lobodo, moti mlendo wa m'tauni angati yawonongeka. Koma mitambo ikayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'timaenje timene timati maso mumatuluka timphukira tonenepa, tofiirira kunsonga. Azakhali amatola imodziimodzi n'kumaitembenuza m'manja. "Iyi yadzuka, mwanawe," amatero. "Koma iyi ikadali m'tulo, isiye kaye."

Palibe amene anaithirira. Sinakhudze dothi, sinalawe feteleza. Komabe pamene panali kadzenje kouma pali kanthu kamoyo kotalika ngati chikhadabo, ndipo sabata yamawa kadzakhala katapitirira pamenepo. Mphukira imeneyi ndinayamba kuiona ndili wamng'ono, koma panapita zaka zambiri ndisanadzifunse kuti kodi chinthu chikamakula, chimene chikuwonjezekacho n'chiyani kwenikweni.

Yankho lake ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Chamoyo chilichonse, kaya ndi kabichi wa pa Lizulu, mbuzi ya ku Bwanje kapena mfumu pa bwalo, chinamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kusiyana kwake n'kwakuti njerwa zimenezi siziumbidwa ku dambo ayi. Iliyonse imabadwa kuchokera ku inzake: selo limodzi limakula, n'kugawika pakati, n'kukhala awiri. Awiriwo akagawikanso akhala anayi. Magalimoto onse a mbatatesi amene amatsika usiku kulowera ku Blantyre ndi ku Lilongwe anyamula zipatso za kugawikana kumeneku, ndipo mwana amene amayi ake am'pachika pa sikelo Lachitatu m'mawa akuyezedwa ntchito yomweyi.

Anthu anachedwa kuzidziwa zimenezi. Mu 1665 Mngelezi wina, Robert Hooke, anacheka kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo umene amapangira zotsekera mabotolo, n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Anaona timabokosi tandandalika ngati zisa za njuchi, ndipo anatitcha dzina lotanthauza tizipinda. Dzinalo ndi limene ife tikuti selo. Panadutsa zaka pafupifupi 200 akatswiri akukangana za kumene tizipindati timachokera, ena akumati timangoundana tokha m'madzi a m'thupi. Anali Robert Remak ndi Rudolf Virchow a ku Germany, m'zaka za m'ma 1850, amene anakhazikitsa mfundo yakuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Kenaka mu 1882 Walther Flemming, atathira utoto maselo a kanyama kena ka m'madzi kofanana ndi buluzi, anajambula mwatsatanetsatane timaulusi timene timaonekera selo likamagawika. Kugawikanako anakupatsa dzina loti mitosis, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza ulusi.

Aliyense amene analembapo mayeso a Biology a Fomu 4 akulikumbukira liwuli. Tinaloweza mayina anayi a magawo ake, tinajambula mizere ya m'buku, tinakhoza kapena kulephera, kenaka tinaiwala. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri tinaphunzira mutuwu ngati nkhani ya kutsidya kwa nyanja, pamene kuseri kwa kalasi kunali dimba la anyezi lomwe mizu yake inkachita zomwezo ola lililonse.

Ulusi uja ndi umene lero timati DNA. Ndi malangizo onse a kapangidwe ka chamoyo, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha zobwerezedwa kambirimbiri. M'selo limodzi la munthu muli zilembo pafupifupi 6 biliyoni, ndipo ulusiwo mutautambasula ungatalike mamita awiri, koma wapindidwa m'kanthu kochepa kuposa fumbi. Umasungidwa m'timitolo totchedwa makromozomu. Munthu ali nato 46, chimanga 20, mbatatesi 48, ng'ombe ndi mbuzi 60, nkhuku 78. Kuchuluka kwa timitoloti sikusonyeza nzeru kapena ulemerero. Ndi mmene katundu anamangidwira basi.

Selo lisanagawike limayamba lakopera ulusi wonsewo, chilembo ndi chilembo, kwa maola angapo, kwinaku likubwerera m'mbuyo kukonza pamene palakwika. Likamaliza, timitolo tonse timakhala tiwiritiwiri, togwirana pamchombo. Timabwera pakati pa selo n'kundandalika mzere umodzi, ngati amuna a ngoma akafola pa Nkolimbo tsiku la Umhlangano. Zingwe zopyapyala zochokera mbali ziwiri za selo zimakola mtolo uliwonse, ndipo selo limadikira mpaka womaliza atakoledwa. Zikatero zingwe zimakoka, mapasa aja amalekana, theka uku theka uko. Selo la nyama limafinyika pakati n'kuduka, monga mmene mayi wa mandasi amadulira mtanda pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Selo la chomera, popeza lili ndi khoma lolimba, limangomanga khoma latsopano pakati, chipinda chimodzi n'kukhala ziwiri. Kufola ndi kulekana konseku kumatenga pafupifupi ola limodzi. Kukonzekera n'kumene kumadya nthawi, mwina tsiku lathunthu.

Mphamvu ya kuwirikiza sitimaimvetsa msanga. Tengani njere imodzi ya chimanga, muiwirikize kawiri, zotsatirazo muziwirikizenso. Pofika ulendo wa 10 muli ndi njere 1,024. Pa ulendo wa 18 thumba la makilogalamu 50 ladzaza n'kutayikira. Pa ulendo wa 45 mwadutsa 30 thiriliyoni, chomwe ndi chiwerengero cha maselo a munthu wamkulu. N'chifukwa chake dzira limene nkhuku yaumbatira, lomwe poyamba linali ndi kadontho koyera kokha pamwamba pa chikasu chake, limakhala ndi mtima wogunda pa tsiku lachitatu, ndipo pa tsiku la 21 mwanapiye akugogoda chikamba.

Kumene chomera chimakulira

Chomera sichikula paliponse. Chili ndi malo ake ochepa kumene maselo amakhala akugawikana: kunsonga kwa muzu, kunsonga kwa tsinde, m'maso a m'mbali mwa tsinde, ndi m'kachikopa konyowa, koterera kamene kali pansi pa khungwa. Maselo obadwira kumeneko amatsalira m'mbuyo, n'kumwa madzi, n'kufufuma kambirimbiri kuposa mmene anabadwira. Choncho kukula kuli pawiri: kuchulukana ndi kufufuma. Kufufumako n'kumene maso athu amaona. Kuchulukana kumachitika mwakachetechete, ndipo kumakhala koyamba.

Mutha kuziona nokha popanda makina. Khazikani anyezi pakamwa pa botolo lodzaza madzi. Mizu ikatuluka, lembani timadontho ta inki totalikirana mofanana pa muzu umodzi, kuyambira kunsonga. Patapita masiku awiri mudzapeza kuti timadontho ta pafupi ndi nsonga tatalikirana, pamene ta kumtunda tili pomwe munatisiya. Kapena pitani pa mtengo umene agogo anakhomererapo waya wa mpanda zaka 20 zapitazo. Mtengo wakwera mpaka kupitirira denga, koma wayayo akadali m'chiuno momwe anali, kungoti thunthu lam'meza. Msinkhu unawonjezekera kunsonga, kunenepa kunachokera pansi pa khungwa.

Alimi a kuno akhala akuigwiritsa ntchito nzeru imeneyi asanamve dzina lake. Wothena fodya amadula nsonga, ndipo akudziwa kuti m'masiku ochepa mphukira za m'khwapa mwa masamba zidzuka, chifukwa nsonga ija ndiyo inkazipondereza. Womezanitsa mango kapena mapichesi amasamala kuti makungwa a timitengo tiwiri tija akumane ndendende asanakulunge pulasitiki, pakuti pokhapo m'pamene pali maselo otha kuchulukana n'kulumikiza bala. Udzu umakulira kutsinde, n'chifukwa chake ng'ombe zimaudya, moto wa lupsa umauwotcha, koma mvula yoyamba ikagwa dambo labiriwiranso. Ngakhale zitsa za m'nkhalango ya Mvai, zimene otentha makala asiya pamwamba pa damu la Mpira, zambiri sizinafe. Zili ndi maso ogona pansi pa khungwa ndi mizu yozama kale. Zikatetezedwa ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa, n'kupatulira mphukira kusiyapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zimakwera msanga kuposa mbande ya m'chubu. Ndimaona kuti tikanawononga theka la mphamvu zimene timathera pa mwambo wobzala mitengo posamala zitsa, mapiri athu akanavala kale.

Chimanga ndicho chimaphunzitsa bwino za nthawi. Chikangomera, nsonga yake yokulira imabisala pansi pa nthaka mpaka chitatulutsa masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake chimanga chaching'ono chimene nkhuku zajompha kapena matalala asasantha chimaphukanso. Koma nsongayo ikakwera m'tsinde, yalowa pangozi. Mbozi ya ntchemberezandonda, imene inafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/17 ndipo pofika Disembala 2017 inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28, imakonda kulowa m'kati mwenimweni mwa masamba opindana. Ikangodya masamba, chimanga chimapirira. Ikafika pa nsonga ija, phesilo latha.

Ndipo chimanga chikafika m'mawondo, pamene mlimi akuona masamba okhaokha, m'kati mwa phesi ngayaye ndi chisononkho zayamba kale kuumbika, zazing'ono ngati nsonga ya singano. Mizere ya njere imene chisononkhocho chidzakhale nayo ikuwerengedwa nthawi imeneyo. Apa m'pamene pagona nzeru ya alangizi akamati feteleza wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha milungu itatu kapena inayi. Selo silingakopere DNA popanda fosifolasi ndi nayitrojeni, pakuti ulusiwo unapangidwa ndi zimenezo. Feteleza wofika mu Febuluwale, ngakhale atakhala matumba khumi, angabiriwiritse masamba, koma mizere imene sinaumbike mu Disembala sangaibweze. Chimodzimodzinso ng'amba ya milungu iwiri chimanga chitangomasula ndi kutulutsa ndevu: masiku amenewo ndi pamene maselo a m'njere akuchulukana, ndipo akachepa, njere imakhala yopepuka ngakhale mvula itabwerera ndi mphamvu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo maikulosikopu yangowavomereza.

Mbewu yotopa

Tibwerere ku thandala la azakhali. Mbatatesi si muzu ayi, ndi tsinde lonenepa la pansi pa nthaka, ndipo maso aja ndi nsonga zokulira zimene zagona. Ikadzuka imadya chakudya chimene inasunga m'thupi mwake, n'chifukwa chake imafota pamene mphukira ikunenepa. Tikaibzala imatulutsa timinthambi ta pansi timene nsonga zake zimatupa n'kukhala mbatatesi zatsopano, koma timatero pokhapokha tili mumdima. Kukwezera dothi kuli ndi chifukwa chimenechi.

Popeza zonsezi zimachitika mwa mitosis, mbatatesi ya chaka chino ndi chithunzi chenicheni cha ya chaka chatha. Munda wonse wa Rosita kapena Violet, tinganene kuti ndi chomera chimodzi chimene chakhala chikudulidwadulidwa kwa zaka zambiri. Chimodzimodzinso chinangwa, nzimbe, nthochi ndi kholowa wa mbatata ya Zondeni. Chimanga n'chosiyana. Njere yake imabwera kudzera m'kugawikana kwa mtundu wina, kotchedwa meiosis, kumene makromozomu a makolo awiri amasakanizidwa n'kuchepetsedwa ndi theka popanga mungu ndi dzira. N'chifukwa chake haibulidi wobwereza amatuluka wosiyanasiyana, wina wamtali wina wamfupi, zokolola n'kutsika; n'chifukwa chakenso ana a mimba imodzi safanana nkhope.

Kufanana kwa mbatatesi kuli ndi ubwino wake, koma kuli ndi msampha. Mwana amatengera zonse za kholo, ndi matenda omwe. Nsabwe za m'masamba zikalowetsa vairasi m'chomera, vairasiyo amatsikira m'mbatatesi, n'kudzuka nayo limodzi chaka chamawa. Tsono taonani zimene ambiri timachita pokolola: zikuluzikulu timathira m'matumba aatali aja opita ku msika, ting'onoting'ono n'kusunga ngati mbewu. Koma ting'onoting'ono tambiri tachokera ku mapando odwala. Chaka ndi chaka timasankha matenda ndi manja athu, kenaka n'kumadandaula kuti mbewu yatopa.

Mankhwala ake anapezeka pa nsonga pomwepo. Mu 1952 akatswiri awiri a ku France, Georges Morel ndi Claude Martin, anaonetsa kuti kansonga kenikeni ka chomera chodwala, kochepa kosakwana milimita imodzi, nthawi zambiri kamakhala kopanda vairasi. Maselo a pamenepo amagawikana mothamanga, ndipo timisempha timene vairasi amayendamo timakhala tisanafikeko. Akakadula n'kukalera m'botolo la chakudya chapadera, kamaphuka n'kukhala chomera chathunthu chopanda matenda, chimene angachidulenso kambirimbiri. Njira imeneyi ndi imene akatswiri a ku Bvumbwe, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center lomwe likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, kwawo kwa mbatatesi, amagwiritsa ntchito pochulukitsa mbewu yoyera. Mitundu monga Thandizo, Chuma, Zikomo ndi Mwai, yomwe inatulutsidwa mu 2011, inadzera m'ntchito ya mgwirizano umenewu. Mbewu yotereyi sifikira aliyense, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Koma pali chimene mlimi aliyense angathe osalipira kanthu: kuyenda m'munda mbatatesi ikamachita maluwa, kuzika kamtengo pa phando lililonse lamphamvu, la masamba osapiringizika, n'kudzakumba mapando amenewo payokha kuti akhale mbewu. Azakhali anayamba kutero zaka zingapo zapitazo, ndipo timitengo tawo amatimangirira kansanza kofiira kuti ana aganyu asatizule popalira.

Masiku 1,000

Nkhani imene yandilembetsa zonsezi ndi ya ana. Munthu amayamba ngati selo limodzi, laling'ono kuposa kadontho ka pa mapeto a chiganizo chino. Patatha tsiku limodzi akhala awiri. Pa sabata yachinayi kamtima kayamba kugunda, ndipo pofika tsiku la 28 kampope kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa msana katsekeka. Nthawi imeneyo mayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Kutsekeka kwa kampopeko kumafuna vitamini wotchedwa foleti, amene selo silingakopere DNA popanda iye. Amapezeka mu nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru ndi nyemba, ndiponso m'timapiritsi towonjezera magazi timene amapereka ku sikelo ya amayi oyembekezera. Mayi woyamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu, poopa kuti anthu angaidziwe msanga, wadutsitsa nyengo yofunika kwambiri. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, pakuti ndinakulira pakati pawo. Koma mtengo wake amalipira ndi mwana.

Maselo ambiri a ubongo amapangidwa mwana asanabadwe, ndipo m'zaka ziwiri zoyamba amalukana mothamanga kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Msinkhu nawo uli ndi nsonga zake, monga chomera. Pafupi ndi mapeto a fupa lililonse lalitali la mwendo kapena mkono pali kachigawo kofewa ka chichereŵechere, kumene maselo amagawikana n'kusanjikizana ngati ndalama zachitsulo, akale akuuma n'kusanduka fupa. Mwana wobadwa ndi masentimita pafupifupi 50 amawonjezera ena 25 m'chaka choyamba, ndi ena 12 m'chachiwiri. Akamakwanitsa zaka ziwiri amakhala atafika pafupifupi theka la msinkhu umene adzakhale nawo ali wamkulu. Palibenso nthawi ina imene adzakule chotero.

Maselo a pa fupa amenewa ndi oyamba kupumitsidwa thupi likaona kuti zinthu zachepa. Mwana akamadya phala la mgaiwa lamadzimadzi lopanda nsinjiro, akamatsegula m'mimba mwezi ndi mwezi chifukwa cha madzi a pachitsime chosatetezedwa, akamagwidwa malungo pafupipafupi, thupi limasankha kusunga mtima ndi mpweya, msinkhu n'kuuimika. Mwanayo sadandaula. Amasewera, amaseka, mwina ndi wonenepa ndithu. Timangoti anatengera agogo ake, a kwawo ndi aafupi. Kumeneko ndiye kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Mu 2010 anali 47. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Mtsikana wotere mafupa ake sanamalize kukula, ndiye anthu awiri akulimbirana mbale imodzi m'thupi limodzi.

N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikira za masiku 1,000, kuyambira pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana wopinimbira akayamba kudya bwino pambuyo pake amapindula ndithu, ndipo tisaleke kum'dyetsa. Koma zambiri zimene zinatayika m'nyengo ija sizibwerera zonse, monga mizere ya chisononkho ija.

Chimene chimandivuta kumvetsa n'chakuti kuno si kuchipululu. Imani pa Lizulu tsiku la msika, mbali iyi ya msewu Malawi, mbali inayo Mozambique, muone milu ya karoti, nyemba, kabichi, tomato, nsawawa ndi mapichesi. Boma lathu lino, momwe muli Lizulu ndi Tsangano, lili ndi anthu opitirira 650,000 ndipo limadyetsa mizinda. Komabe m'makomo ambiri dzira ndi la malonda, nyemba zabwino ndi za malonda, mkaka ndi wa malonda, mwana n'kutsalira nsima ndi msuzi. Sindikunyoza makolo, pakuti ndalama ya dzira ndi imene imagula mchere, sopo ndi makope. Koma bambo yemweyo amene sangalole kuti feteleza wokulitsa achedwe ndi sabata imodzi, amene amadzuka usiku kukathirira mbande za kabichi, ayenera kudziwa kuti pa msana pa mkazi wake pali mbande ina imene nyengo yake ikuthanso. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa pansi pa mtengo amamvedwa ndi amayi okha, pamene wosunga chikwama ali ku dimba kapena pa bawo. Supuni ya nsinjiro m'phala, kadzira kamodzi, usipa wosinja, masamba ofinya: zimenezi zikufunika chilolezo cha bambo m'nyumba zambiri, ndiye bambo azimve.

Pamene mabuleki aduka

Munthu akasiya kutalika, maselo sasiya kugawikana. Mafuta a m'mafupa amapanga maselo ofiira a magazi opitirira 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, chifukwa lililonse limakhala masiku pafupifupi 120 okha. Chikopa cha m'kati mwa matumbo chimasinthidwa pasanathe sabata. Bala la khasu limapola chifukwa maselo a m'mbali mwake amachulukana mpaka atakumana pakati, ndipo akakumana amaima. Kuimako n'kofunika mofanana ndi kuyambako. M'selo lililonse muli alonda amene amafunsa ngati ulusi wakopedwa bwino, ngati pali malo, ngati thupi likufunadi selo lina. Pakalakwika kwambiri, amalamula selo kuti lidziphe. Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse analandira mphoto ya Nobel mu 2001 chifukwa chofukula mmene ulamuliro umenewu umayendera, ndipo zambiri anazipeza pofufuza yisiti, wachibale wa yemwe amafufumitsa mandasi.

Khansa ndi selo limene alonda ake afa. Limagawikana osaima, ana ake n'kutengera kusamvera komweko. Zopha alonda n'zambiri: utsi wa fodya, mowa, chuku cha m'mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimene chimawononga chiwindi, ndiponso mavairasi ena. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi vairasi wa HPV, wofala kudzera m'kugonana, amene amalowa m'maselo a pa khomopo n'kumanga manja alonda aja. Harald zur Hausen wa ku Germany ndiye anatsimikiza kugwirizana kwa vairasiyu ndi khansayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kwa amayi ambiri thupi limam'gonjetsa lokha vairasiyu, koma akakhazikika, pamatenga zaka 10 mpaka 20 kuti maselo osokonekerawo asanduke khansa, ndipo kwa mayi amene ali ndi HIV zimafulumira.

Zaka zimenezo ndi mpata waukulu. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo odwala amayera, ndipo ngati ndi aang'ono amawawotcha ndi kachipangizo tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Katemera wa HPV, atayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Ndamvapo mphekesera zoti katemerayu ndi wotseketsa kubereka. Si zoona, ndipo mphekesera imeneyi idzaikitsa m'manda amayi amene lero ali Sitandade 4.

Pali khansa inanso ya ana, yotupitsa nsagwada kapena mimba, imene dokotala Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, ndipo imakonda madera a malungo ngati athu ano. Chotupa chake chimatha kuwirikiza m'masiku awiri okha. Liwiro lomwelo ndi limene limachigonjetsa, chifukwa mankhwala a khansa amasaka maselo amene akugawikana. N'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amachita zilonda m'kamwa, magazi amachepa: malo onsewo ndi a maselo othamanga. Makolo ena akaona tsitsi likugwa amathawitsa mwana ku chipatala poganiza kuti mankhwala akumupha, chonsecho ndi umboni woti akugwira ntchito, ndipo tsitsilo limameranso. Ana ambiri ofika msanga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe n'kumaliza mankhwala awo amachira.

Nditapita ku Tsangano komaliza ndinapeza akubzala. Mdzukulu wa azakhali, wa zaka zinayi, ankatsatira m'mbuyo ndi kabeseni, akuponya mbatatesi m'mapando mmene wafunira. Agogo ake anagwada, n'kumugwira dzanja. "Pang'onopang'ono, amayi," anatero, pakuti mwanayo anam'patsa dzina la malemu mayi awo. "Maso aziyang'ana kumwamba. Mukathyola kamphukirako, iyambiranso poyamba." Madzulo, tikulowa m'nyumba, anandionetsa mizere ya makala pa felemu ya chitseko, pamene amamuimika mwanayo chaka chilichonse akamaliza kukolola. Mizere ilipo itatu. Pakati pa woyamba ndi wachiwiri pamalowa zala zanga zitatu zokha. Chinali chaka chimene anagonekedwa kawiri ndi malungo, mayi ake ali ku Joni. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu pamalowa zinayi, n'kutsalako kampata. Azakhali anayeza okha ndi dzanja lawo, kenaka anapita kukaona ngati nkhuku yaikira.